Zikho Zakale za m'Nyanja ndi Mapiri a ku Hauna



Munthu akaima pa Hauna m'mawa, nkhungu itacoka, nakweza maso ace, aona khoma lalikuru la mapiri limene lizinga cigwaco. Pamwamba pa mapiri onsewo pali Nyangani, phiri lalitali koposa m'Zimbabwe, la mamita 2,592, kumene uyambira mtsinje wa Pungwe. Pa khoma lomwelo madzi a Mtarazi agwa mamita oposa 700 kutsikira m'cigwa. Wothyola tiyi aona mapiri amenewa tsiku ndi tsiku, ndipo ayesa kuti anakhala pomwepo cikhalire.

Mbiri imene tinaizolowera ndiyo yocokera m'kamwa mwa agogo, ya Kalonga ndi Undi ndi Mwenemutapa, ndi ina yolembedwa m'mabuku. Koma iripo mbiri yina yakale koposa, imene palibe munthu anaiona ndi maso, ndipo inalembedwa m'miyala. Lero ndifuna kukusimbirani za tinyama tating'ono ta m'nyanja, ta pfuko la cinkhupule, timene tinafa tonse kale lomwe osasiya mbumba. Tinyama timeneti, titakhala m'manda mwace zaka zosawerengeka, tinaitanidwa kudzakhala mboni pa mlandu waukuru. Mlanduwo unali wakuti: kodi dziko lathu lino linali pati kale, nanga linacita malire ndi yani? Akuru anati mlandu suola, ndipo uwu sunaole.

Cinkhupule nciani?

Tikanena cinkhupule, ambiri aganiza za cija ciyanga pa mpanda, cimene tiumitsa ndi kusenda kuti tizisambira. Cimeneco ndi comera, mbale wace wa dzungu ndi mphonda. Koma ciripo cinkhupule cina ca m'madzi, ndipo cimeneci ndi nyama, ngakhale ciribe mutu, kapena maso, kapena mtima, kapena miyendo. Cimamatira pa mwala malo amodzi moyo wace wonse.

Kadyedwe kace nkotere. Thupi lace lonse liri ndi timabowo tambirimbiri. M'kati mwa thupilo muli titsitsi tosaoneka ndi maso, timene tikupiza kosalekeza ndi kukoka madzi kuti alowe pa timabowo tija. Madzi akamapyola, nyamayo isefa tizakudya tating'ono timene tiri m'madzimo, ndipo madzi otsala aturuka pa bowo lalikuru la pamwamba. Cinkhupule cimodzi cikhoza kusefa pa tsiku madzi ocuruka kuposa thupi lace nthawi zikwi zambiri. Munthu wa ku Scotland, Robert Grant, ndiye anapenyetsetsa kayendedwe ka madzi kameneka ca m'ma 1825, nacha pfuko lonselo Porifera, ndiko kuti zonyamula mabowo. Zinkhupule zambiri zikhala m'nyanja za mcere, koma zina ziri m'madzi ozizira akumwa. M'nyanja ya Malawi momwe muli mtundu wina umene akatswiri anaucha Malawispongia.

Muyeso wa zaka

Zaka za m'nkhani yathu nzambiri koti mutu sungazigwire, cotero tiyeni tiziyese pa mseu. Tinene kuti mita imodzi ya mseu iimira zaka miliyoni imodzi, ndipo ife taima pa ciyambi, tirikuyenda kubwerera m'mbuyo.

Zaka zonse zimene tiyi wakhala alikulimidwa ku Chipinge, kuyambira m'ma 1920, zingolingana ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Zaka 500 za mbiri ya Amaravi zilingana ndi kucindikala kwa cikhadabo. Moyo wonse wa mtundu wa anthu onga ife, zaka 300,000, ulingana ndi rula ya mwana wa sukulu. Kuti mupeze zinyama zazikuru zija zimene mafupa ace anakumbidwa ku Karonga, muyenera kuyenda mamita oposa 100. Pa mamita 300 mupeza dziko lathu litakutidwa ndi madzi oundana. Pa mamita 525 ndi pamene mukomana nato tinyama ta nkhani yathu. Sungani muyeso umenewu, pakuti tidzaufunanso.

Zikho zakale

Dzina lao ndi Archaeocyatha, mau a Cigriki otanthauza zikho zakale, cifukwa zambiri zioneka ngati cikho cosongoka kunsi, kapena ngati nyanga ya mbuzi yoimika. Amene adziwa mono wogwirira nsomba amva msanga mapangidwe ace. Tengani mono waung'ono, muulowetse m'kati mwa mono wokulirapo, ndipo pakati pa iwiriyo muike timakoma tolumikiza. Cikho cakale cinali cotero: khoma lakunja la timabowo tating'ono, khoma lam'kati la mabowo okulirapo, ndi mphako pakati yotseguka kumwamba. Kunsi kunali timizu togwirira pansi. Makoma onsewa anali a mwala wa laimu, uja timaocha popanga njereza, ndipo nyamayo inali kuutenga m'madzi a m'nyanja. Zambiri zinali zonenepa ngati cala cacikuru ca munthu, koma zina zinakula zophwathalala ngati mbale.

Zinayamba kuoneka zaka mamiliyoni 525 zapitazo, m'nyengo imene akatswiri a miyala aicha Cambrian. Zakale koposa zipezeka ku Siberia, m'matanthwe a m'mbali mwa mitsinje ya Lena ndi Aldan. Lero Siberia ndi dziko la cisanu coopsa, koma masiku amenewo linali pansi pa nyanja yofunda ndi yosaya. Kucokera kumeneko zinafalikira kufikira malo amene tsopano ndi Australia, Mongolia, China, Spain, Sardinia, Morocco, North America ndi Antarctica. Zinagawikana m'mabanja ambiri, ndipo akatswiri awerenga magulu pafupifupi 300.

Dziko la nthawi imeneyo mukadaliona simukadalizindikira. Pa mtunda panalibe mtengo, kapena udzu, kapena mbalame, koma miyala ndi mcenga zokha. Moyo unali m'madzi. Kumeneko zikho zakale zinamera mothithikana, cina pamwamba pa cinzace cakufa, ndipo tizamoyo tina tosaoneka ndi maso tinamata mipata ndi laimu. Motero zinaumba zitunda za mwala pansi pa nyanja, zonga zulu za ciswe, ndipo m'mipata mwace nyama zina zinapeza pobisala ndi podyera. Lero nchito yotere aicita makorali, monga aja a m'mbali mwa nyanja ku Mozambique. Koma makorali asanabadwe, zikho zakale ndizo zinali nyama zoyamba kumanga zitunda zotere m'nyanja zambiri za dziko lapansi.

Mkangano wa zaka zoposa 100

Pamene anthu anayamba kupeza zikho zimenezi zitasanduka mwala, sanadziwe kuti nciani. M'caka ca 1861 Elkanah Billings wa ku Canada, amene poyamba anali loya, analemba za zina zocokera ku gombe la Labrador, nazipatsa dzina lakuti Archaeocyathus. Kuyambira pamenepo mkangano unabuka. Ena anati ndi makorali, cifukwa ca timakoma ta pakati tija. Ena anati ndi ndere za m'nyanja. Ena anati ndi zinkhupule, cifukwa ca mabowo. Koma otsutsa anayankha kuti zinkhupule zamoyo zimene iwo anazidziwa ziri ndi timinga tating'ono m'thupi mwao, kapena ulusi wofewa, pamene zikho zakale ziri ndi makoma olimba a mwala opanda minga.

Zikho zosungika bwino koposa zinapezeka ku South Australia, pa mgodi wa Ajax m'mapiri a Flinders. Griffith Taylor analemba buku la zimenezi m'1910, ndipo m'1939 a Bedford, amene anali ndi nyumba yao yaing'ono yosungiramo zakale pa Kyancutta, anacha banja limodzi Ajacicyathidae potsata dzina la mgodiwo. Koma ngakhale zitsanzo zinacuruka, mkangano sunathe. M'zaka za m'ma 1950 akatswiri ambiri anangogwirizana kuti zikho zakale zikhale pfuko lapalokha, lopanda mbale pakati pa zamoyo zonse.

Yankho linacokera kwa anthu omira m'nyanja. M'1970 Willard Hartman ndi Thomas Goreau analemba za zinkhupule zamoyo za makoma olimba a laimu, zimene zinabisala m'mapanga amdima pansi pa nyanja ku Jamaica. M'1973 anthu awiri a ku America, Balsam ndi Vogel, anasula cifanizo ca cikho cakale ndi citsulo, naciika m'madzi oyenda. Madzi analowa okha pa timabowo ta m'mbali ndi kuturukira pamwamba, monga momwe acitira m'cinkhupule. M'1977 Mfalansa wina, Jean Vacelet, analongosola za cinkhupule camoyo ca mafupa a laimu copanda minga konse, cimene tsopano cichedwa Vaceletia. Pamenepo mau a otsutsa aja anatha mphamvu. M'1984 Vacelet ndi mai wina katswiri wa ku Paris, Françoise Debrenne, anaonetsa kuti mapangidwe onse a zikho zakale agwirizana ndi moyo wa cinkhupule, ndipo lero akatswiri abvomereza kuti zinali zinkhupule ndithu. Dzina la maiyu mulisunge, lidzabweranso.

Imfa yao

Ufumu wa zikho zakale unakhala zaka pafupifupi mamiliyoni 15. Pa mseu wathu uja ndi mamita 15 okha, komabe ndi nthawi yoposa moyo wa mtundu wa anthu nthawi 50. Tsono zaka mamiliyoni 513 zapitazo tsoka loyamba linagwa. Madzi akuya opanda mpweya wopuma anasefukira m'nyanja zosaya zimene zikho zinali kukhalamo. Umboni wace ndi matope akuda amene anasanduka mwala pamwamba pa zitunda zao ku Siberia. Nsomba ikaona madzi aipa ithawa, koma nyama yomamatira pa mwala iribe kothawira. Patapita nthawi pang'ono, ca m'ma zaka mamiliyoni 510 zapitazo, nthaka inang'ambika kumpoto kwa Australia, ndipo mwala wosungunuka unayenderera pa dziko lalikuru, ndi utsi woipa umene akatswiri ambiri akhulupirira kuti unasokoneza nyengo ndi nyanja.

Mabanja ambiri anathera pomwepo. Otsala owerengeka anakhalakobe, ndipo cikho cotsiriza cimene ticidziwa cinapezeka m'mapiri a Ellsworth ku Antarctica. Nyengo ya Cambrian isanathe, pfuko lonse linazimirira. Kwa zaka mamiliyoni makumi angapo pambuyo pace, nyanja zinakhala zopanda nyama yomanga zitunda zazikuru, kufikira makorali ndi zinkhupule za mitundu yina zinadzatenga nchitoyo. Cimene cinamangidwa ndi mibadwo yosawerengeka cinagwa pamene madzi anasowa mpweya, ndipo cinacedwa kwambiri kubwerera.

Mwala wacilendo ku Karoo

Tsopano tibwere ku Africa. Ndanena kuti zikho zakale zipezeka ku Morocco, kumpoto kweni kweni. Kuno kumwera konse kulibe thanthwe limene zikho zimenezi zinamerapo. Cotero cinali codabwitsa pamene zinapezeka ku South Africa, m'dziko louma la Karoo.

Kumeneko kuli mwala wina wochedwa Dwyka, potsata dzina la mtsinje. Maonekedwe ace ali ngati matope ouma m'mene mwatsakamira miyala ya mitundu mitundu, ina yonga nsawawa, ina yonga mbuzi, ina yoposa ngolo, yonse yosakanizika popanda dongosolo. Mtsinje sucita cotero, pakuti madzi asiya miyala yolemera payokha ndi mcenga paokha. Ca m'ma 1870 Dr. Peter Sutherland wa ku Natal, amene anayendapo m'nyanja za cisanu za kumpoto, anazindikira kuti yonyamula katundu mosasankha cotere ndi madzi oundana. M'maiko ozizira kwambiri cisanu ciunjikana caka ndi caka, nicisanduka mwala wa madzi wocindikala ngati phiri, umene uyenda pang'ono pang'ono, kuzula miyala ndi kuikoka ulendo wautali. Pa Nooitgedacht pafupi ndi Kimberley, kufikira lero lino, pali matanthwe osalala okhala ndi mizere yokalika ndi miyala yokokedwayo. Zimenezi zinacitika zaka mamiliyoni 300 zapitazo.

Mlimi wina wa m'boma la Prince Albert, Roy Oosthuizen, anali ndi cizolowezi cotola ndi kupenda miyala pa munda wace wa nkhosa. Kuona maso a nkhono nkudekha. Pakati pa miyala yotsakamira m'Dwyka iye anapeza zidutswa za laimu zokhala ndi timizere tozungulira, timphete tiwiri tiwiri, kena m'kati mwa kanzace, ndi timakoma pakati. Zinali zikho zakale zoduka pakati. M'1974 iye pamodzi ndi katswiri wina, Michael Cooper, analengeza zimenezi m'nyuzi ya akatswiri yochedwa Nature, ndipo m'1975 Mai Debrenne aja anazipenda ndi kuzichula maina.

Funso linali lakuti: popeza mwala wotere kwao si kuno, madzi oundana anautenga kuti? Mai Debrenne anapeza kuti mitundu ya zikhozo ifanana ndi ya ku Antarctica ndi Australia. Za ku Antarctica zinali zodziwika kale, pakuti anthu a pa ulendo wa Ernest Shackleton wa 1907 kufikira 1909 anabwera nazo zidutswa za laimu za zikho zotere kucokera ku Beardmore Glacier, ndipo pambuyo pace kunapezeka matanthwe athunthu a laimu ameneyu m'mapiri a dzikolo. Koma lero pakati pa South Africa ndi Antarctica pali nyanja ya makilomita pafupifupi 4,000. Nanga mwalawo unaoloka bwanji?

Mlandu wa maiko oyenda

Apa ndi pamene tinyama tathu tinalowa m'bwalo. M'1912 Mjeremani wina, Alfred Wegener, ananena kuti maiko akuru a dziko lapansi anali ogundana kale, ndipo anang'ambika ndi kutalikirana. Akatswiri ambiri anamseka. Mmodzi wa ocepa amene anaima naye anali Alex du Toit wa ku South Africa, amene anayenda mitunda yaitali m'Karoo kulemba mapu a miyala. M'1923 anapita ku South America, napeza kumeneko miyala yosanjikana monga momwe isanjikirana kwao, ndi Dwyka yemwe. M'1937 anasindikiza buku lace lochedwa Our Wandering Continents, m'mene anaonetsa kuti Africa, South America, India, Australia ndi Antarctica anali dziko limodzi lalikuru, limene lichedwa Gondwana. Wegener anafera pa cisanu ku Greenland m'1930, du Toit anamwalira m'1948, onse awiri mlandu wao usanagamulidwe. Unagamulidwa m'zaka za m'ma 1960, pamene zombo zoyesa pansi pa nyanja zinapeza kuti pakati pa nyanja zazikuru nthaka yatsopano irikuturuka ndi kukankha maiko, masentimita owerengeka pa caka, monga momwe cikulira cikhadabo.

Cotero zikho za ku Karoo zinafika mlandu utapendekera kale. Koma umboni wao unali wa mtundu wina, woti munthu aunyamula m'dzanja. Zinachula mnansi ndi dzina, ndipo zinaloza njira imene madzi oundana anadzera. Mwalawo sunaoloke nyanja yaikuru iai, pakuti nyanjayo kunalibe. Antarctica anali wogundana ndi Africa, ndipo Gondwana yense anali atasendera ku nsonga ya kumwera ya dziko lapansi, kumene kuli cisanu cosatha. Pambuyo pace zidutswa zina zotere zinapezeka m'mwala wofanana ndi Dwyka pa zilumba za Falkland, ndi ku Namibia, ndipo zonse zinena mau amodzi.

Taganizani ulendo wa cikho cimodzi. Cinamera m'nyanja yofunda, cinafa, cinasanduka mwala, cinakwezedwa kukhala phiri. Patapita zaka mamiliyoni 200 madzi oundana anacizula nacitaya kutali. Cinagona pomwepo zaka zina mamiliyoni 300, dziko lirikung'ambika pansi pace, kufikira mlimi wa nkhosa anawerama nacitola.

Tibwerere ku Hauna

Kapena wina wa ku Hauna alikufunsa kuti, nanga ine ndikaswa miyala ya kwathu kuno, ndidzapeza zikho zimenezi? Iai, simudzazipeza, ndipo cifukwa cace ncokondweretsa: miyala yanu njakale kuposa zikhozo.

Mapiri a malire a kum'mawa kwa Zimbabwe, kuyambira ku Nyanga kufikira ku Chimanimani ndi Chipinge, ali ndi miyala yosanjikana imene akatswiri aicha Umkondo. Inayamba ngati mcenga, matope ndi laimu pansi pa madzi, zaka mamiliyoni 1,100 zapitazo. Pa mseu wathu uja, zikho ziri pa mamita 525, koma Umkondo uli pa mamita 1,100. Pamene cikho coyamba cinamera, miyala imeneyi inali itakalamba kale zaka zoposa mamiliyoni 500. Nthawi imene inaumbidwa kunalibe nyama iri yonse ya mafupa kapena cigoba. Ndipo mwala wa granite umene uli pansi pace, uja uoneka m'zitunda zosalala za m'Zimbabwe, ngwakale koposanso, zaka zoposa mamiliyoni 2,500.

Umkondo utangoumbidwa, mwala wosungunuka unakwera kucokera pansi nulowa pakati pa misanjiko yace, nuuma kukhala mwala wakuda wolimba wochedwa dolerite. Mwala umenewu ndiwo uli pamutu pa Nyangani, ndipo cifukwa ca kulimba kwace mvula yalephera kuligwetsa phirilo. Tsono imvani ici. Ku Antarctica, m'dera lochedwa Dronning Maud Land, nsonga za mapiri zimene zituruka pamwamba pa cisanu ziri ndi miyala yosanjikana yofanana ndi Umkondo, ya zaka zomwezo, yolowedwa ndi mwala wakuda wa zaka zomwezonso. Akatswiri apeza kuti dera limenelo ndi cidutswa ca dziko lathu lomwe lino cimene cinanyotsoka. Mapiri a kumtunda kwa Hauna ali ndi mbale wao wa bere limodzi, ndipo mbaleyo ali pansi pa cisanu. Motero mapiri a kwanu ndi zikho za ku Karoo acitira umboni cinthu cimodzi.

Mbiri yotsatira ikhudza maiko athu onse. Madzi oundana aja atasungunuka, m'zigwa munamera nkhalango za m'madambo, ndipo mitengo yace itakwiririka inasanduka malasha amene akumbidwa ku Hwange, ku Maamba, ku Mchenga ndi ku Moatize. Masamba a mtengo wa nthawi imeneyo, Glossopteris, apezeka m'miyala ya malasha kuno ndi ku Antarctica komwe. Pamene Captain Scott ndi anzace anafa pa cisanu m'1912 pobwerera ku nsonga ya kumwera, pa msasa wao wotsiriza panapezeka miyala yokhala ndi masamba omwewa, imene anaikoka kufikira mphamvu zao zinatha. Zaka mamiliyoni 180 zapitazo Gondwana anayamba kung'ambika, ndipo mwala wosungunuka unayendereranso pa dziko. Mwala wakuda umene Zambezi agwerapo pa Mosi-oa-Tunya ngwa nthawi imeneyo. Pang'ono pang'ono Antarctica anacoka pa gombe la Mozambique, ndipo madzi analowa pa malo amene iye anasiya.

Ici ndico cimene cifika pa dengu la wothyola tiyi. Mphepo ya cinyezi imene iomba kucokera kum'mawa, nigunda khoma la Nyangani ndi kugwetsa mvula yambiri m'Honde Valley, icokera ku nyanja ya Indian. Nyanja imeneyo iri pa malo pamene panali Antarctica. Akadapanda kucoka mnansi uja, Hauna akadakhala pakati pa dziko lalikuru, kutali ndi nyanja, ndipo sitidziwa ngati tiyi ndi nthoci zikadamera kumeneko.

Mau otsiriza

Pa nkhani yonseyi ndifuna musunge zinthu ziwiri. Coyamba, dziko limene tipondapo siliri cikhalire monga tiyesera. Mapiri, nyanja ndi nyengo zinasinthika kambiri, ndipo zamoyo zimene zinadzaza nyanja nthawi yaitali koposa mtundu wa anthu zinatha pamene madzi ao anaipa. Caciwiri, mbiri imeneyi siwerengedwa ndi ophunzira okha. Amene anapeza zikho za ku Karoo anali mlimi wa maso akuthwa.

Inu amene mulima, inu okumba zitsime ndi ngalande, inu a m'migodi ya malasha, ndinu amene muona miyala yatsopano tsiku ndi tsiku. Mukapeza mwala wokhala ndi cithunzi ca tsamba, kapena cigoba, kapena pfupa, musauswe, ndipo musaugulitse kwa wopita m'njira. Kumbukirani bwino malo amene mwaupeza, pakuti mwala wosadziwika kwao uli ngati mboni yosadziwika dzina. Mukauze aphunzitsi a pa sukulu yapafupi, kapena a nyumba zosungiramo zakale za ku Mutare, ku Bulawayo, ku Livingstone kapena ku Karonga. Ndipo inu ana a sukulu a ku Hauna, mawa m'mawa nkhungu ikacoka, muyang'ane mapiri a kwanu, ndi kuuza agogo anu kumene kuli mbale wace wa mapiriwo.